Kogona ku West End ya London ndi amayi achikulire, ndibukitse pati?

NaBanda_Notts

Moni nonse. Pali kankhani kakundizunguza mutu ndiye ndati ndifunse inu amene mumakhala ku London kapena mumapitapitako. Amayi anga akubwera kuchokera ku Blantyre mu Ogasiti, viza yatuluka kale, Ambuye ndi abwino. Akhala nane kuno ku Nottingham miyezi iwiri koma wikendi imodzi ndikufuna ndiwatengere ku London akaonere sewero la pa siteji. Amayiwa zisudzo ndi moyo wawo kuyambira kale, nthawi ya Sewero la Sabata Ino pa MBC kunyumba kwathu kumakhala zii, ukangotsokomola umatulutsidwa panja, ndipo ku French Cultural Centre ankapitako nthawi ya Du Chisiza. Ndiye ndikufuna akaone The Lion King ku Lyceum Theatre, ine ndinaonerapo kamodzi ndi anzanga akuntchito ndipo ndili mu holo momo ndinkangoganiza za iwo.

Vuto ndi kogona. Tikhala atatu, ine, amayi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Tifika Lachisanu masana pa siteshoni ya sitima ya St Pancras, sewero ndikufuna la Loweruka 7:30 madzulo, kubwerera Lamulungu. Ndikatsegula mapu mahotela ali mbwee ku Soho, Leicester Square, Covent Garden, ndipo aliyense akudzitama kuti ali pakati penipeni pa maholo a zisudzo. Mitengo yake ndiye musanene, chipinda cha atatu ndikuona kuyambira £200 kukwera usiku umodzi. Pali ina pafupi ndi Leicester Square yotsikirako mtengo moti mpaka ndikukayika kuti pali chimene akubisa.

Amayi ali ndi zaka 68, bondo lakumanja limawavuta, masitepe ambiri sangathe, komanso ndi mayi wa Mvano woti ikamakwana 8 koloko amakhala atapemphera kale ali mu bulangete. Maganizo anga anali oti tigone pafupi kwambiri ndi holo kuti sewero likatha tingoyenda pansi, koma mnzanga wina wandiopseza kuti kumeneko anthu sagona. Ndiye nditani? Ndilipire zodulazo tikhale pafupi, kapena ndifune kutali tizikwera sitima? Amene munagonako ndithandizeni, osati zongomva.

ShefuWaUsiku

Asisi, ine ndimagwira ntchito mu khitchini ku Soho komweko, chaka chachisanu ndi chimodzi chino, ndimaweruka cha m'ma 1 koloko usiku ndiye malowa ndimawaona pa nthawi yomwe inu mukufuna amayi akhale ali mtulo. Ndisakubisireni, Soho Lachisanu ndi Loweruka usiku ndi Bwandilo wamkulu, kusiyana kwake ndi mapaundi basi. Old Compton Street, Dean Street, Frith Street, Greek Street, Wardour Street, timisewu topanikizana, nyumba zazitali uku ndi uku ndiye phokoso lilibe kothawira, limangokwera m'mwamba kulowa pa windo panu. Anthu kuno makamaka nyengo yotentha samwera mkati, amatuluka ndi matambula awo kukaima panja pa bala kudzaza msewu wonse. Mabala ambiri amatseka cha m'ma 11 kapena 12 koma makalabu ena amafika 3 koloko, akamatuluka ndiye ena kuimba ena kukangana ena kulira pa foni.

Koma phokoso limene alendo salidziwa ndi la m'mamawa. Mukati tsopano kwakhala bata tigone, cha m'ma 5 koloko ikubwera galimoto ya zinyalala kudzakhuthula mabini a mabotolo a usiku wonse, khoo nthawi imodzi, munthu umadzidzimuka ngati nyumba ikugwa. Ikachoka imeneyo akufika malole obweretsa mowa ndi ndiwo za malesitilanti, migolo yachitsulo ikugubuduzidwa pansi. Ine ndi mmodzi mwa anthu otaya mabotolowo ndiye ndikudziwa chimene ndikunena.

Palinso makabaza akuno. Ndi njinga za matayala atatu zokongoletsedwa ndi timagetsi ndi ubweya wapinki, zili ndi masipika, zimaima pa khomo la holo iliyonse sewero likamatha nyimbo zili pamwamba. Kwa zaka zambiri zinalibe lamulo lililonse moti aliyense amatchula mtengo wa m'mutu mwake, lamulo lopatsa TfL, bungwe loona za mayendedwe mu London, mphamvu yoziyang'anira linangodutsa mu 2024. Mukafuna kukwera mugwirizane mtengo wa ulendo wonse musanakhale pansi, mufunsenso ngati ndi wa munthu mmodzi kapena nonse.

China, ku Soho kuli mashopu a zinthu za akuluakulu zoikidwa pa windo poyera. Kwa ife tinazolowera sitiyang'ananso, koma inu muli pakati pa mayi wa Mvano ndi mwana wa zaka 9 wofunsa chilichonse, muganize bwino kuti muzidzayang'ana kuti.

Leicester Square ndiye ayi ndithu. Pali makasino, malo a mafilimu, zakudya zogulitsa usiku wonse, anthu sathapo mpaka kucha. Covent Garden ndi yosiyanako, masana ndi madzulo kumadzaza koopsa, anthu a masewero a mumsewu pa bwalo paja, koma kwambiri kuli mashopu ndi malesitilanti ndiye pakati pa usiku kumazizira msanga kuposa Soho. Ndipo Lyceum yanuyo ili mbali imeneyo, pa Wellington Street pafupi ndi Strand, si ku Soho ayi. Kugona ku Soho mudzavutika ndi phokoso komanso mudzayendabe mtunda ndi bondo la amayilo, phindu lake palibe.

Dzina la dera pa hotela lisakupusitseni. Kuno msewu umodzi ukhoza kukhala chipwirikiti, wotsatira wake zii ngati ku manda. Tengani adilesi muyiyike pa Street View muone chimene chili pansi pa hotelayo ndi moyang'anizana nayo, mukaona bala kapena kalabu dziwani kale. Mukabukitsa muwaimbire kapena muwalembere kuti mukufuna chipinda chakumbuyo, cham'mwamba, ndipo mufunse ngati lifiti imafika mpaka kumeneko chifukwa nyumba zambiri kuno ndi zakalekale, lifiti imakusiya panjira n'kutsala masitepe ena. Mufunsenso za eyakoni. Ogasiti kumatha kutentha, mukukumbuka Julaye wa 2022 mpaka 40 digiri, ndiye chipinda chopanda eyakoni mumasankha pakati pa kupsa ndi kutsegula windo kuti zidakwa zilowe nanu mu bedi.

Bambo_a_Tadala

Ine funso langa loyamba, achemwali, mulibe m'bale aliyense ku London? A Malawi onse ali kunowa? Mayi wabwera ulendo wonse uja kudzera ku Addis kapena Nairobi kudzagona mu hotela ngati alibe anthu? Kwathu zimenezo ndi zonyozetsa mtundu hahaha.

Koma ngati mwatsimikiza za hotela, nzeru yanga ndi yosiyana ndi ya ashefuwo. Musagone mu Zone 1, pakati penipeni pa tauni, n'komwe. £200 kawiri ndi £400, isintheni mu makwacha muwauze amayi kuti imeneyi ndi yogonera masiku awiri muone ngati sakomoka. Hotela mumangokagonamo, maso ali chitsekere simuona kuti muli ku Covent Garden kapena ku Stratford. Ndalamayo bola muyiyike pa matikiti a mipando yabwino ndi chakudya.

Masiku ano mayendedwe anaphweka. Chiyambireni njanji ya Elizabeth line mu 2022, kuchoka ku Stratford kufika Tottenham Court Road sizikwana mphindi 20, ine ndimakwerera ku Woolwich ndipo si patali kwenikweni. Sitima zake ndi zazikulu, zozizira bwino mkati, ndipo masiteshoni ake ali ndi malifiti, si ngati sitima zakale zija zoti umatsika ngati ukulowa mu mgodi. Sewero lanulo limatenga pafupifupi maola awiri ndi theka kuphatikiza kupuma kwa pakati, ndiye 10 koloko mwatuluka, sitima zonse zikuyendabe. Ngakhale mutachedwa bwanji, Lachisanu ndi Loweruka kuli Night Tube, Central, Victoria, Jubilee, Northern ndi Piccadilly zimayenda usiku wonse.

Tizinthu tina toti mudziwe poti ndinu a ku Nottingham. Mabasi a ku London salandira ndalama ya m'manja, anasiya mu 2014, ndi khadi ya ku banki kapena khadi yolipirira maulendo yotchedwa Oyster basi. Khadi imodzi anthu awiri sizitheka pa geti, amayi muwagulire Oyster yawo. Mwana wanuyo sanafike zaka 11 ndiye akwera ulele akakhala ndi inu, mudutsire pa geti lalikulu lija. Ndipo chonde galimoto isiyeni kwanu, pakati pa tauni pali Congestion Charge, ndalama yolipira polowa ndi galimoto, poimika pake ndiye mtengo wa mbuzi.

NaBanda_Notts

Zikomo nonse awiri. Ashefu, za mabotolo a 5 koloko zija sindikanaziganiza n'komwe, Soho ndi Leicester Square ndazichotsa.

Bambo a Tadala, abale alipo, msuweni wanga ali ku Croydon koma akukhala mu chipinda chimodzi nyumba yogawana ndi anthu ena, tikagona pati atatu? Komanso mukudziwa mmene zimakhalira, tikafika kumeneko wikendi yonse ithera pa moni ndi kuphika nsima, London osaiona. Za Stratford ndaziona mitengo ndi yabwinodi, koma ndikayang'ana mapu kuchoka pa Lyceum kufika Tottenham Court Road ndi kamtunda ndithu kwa munthu wa bondo, usikunso, pagulu la anthu. Kapena ndikuopa zachabe?

AnaChisale_Luton

Mwanawe, sukuopa zachabe ayi. Ndikuuze zimene zinandichitikira ndi apongozi anga, mayi a bambo a kunyumba, atabwera kudzaona zidzukulu. Nawonso anali a miyendo yovuta, ankayendera ndodo.

Ine ndinachita ngati iweyo, ndinaona hotela yotsika mtengo pakati penipeni ndikuti ndapata. Sindinawerenge bwino. Titafika kutsegula chitseko, chipinda chilibe zenera ngakhale limodzi. Inde, ziliko zambiri zoterezi ku West End, amachita kulemba ndithu koma ndi timalemba ting'onoting'ono, ndipo achinyamata amazikonda poti phokoso silimveka. Apongozi anangoima pa khomo n'kufunsa kuti kodi talakwa chiyani kuti atitsekere muno. Usiku wonse sanagone, amangondidzutsa kufunsa ngati kwacha, poti munthu wa kumudzi nthawi amaonera kuwala kwa kunja. Ndiye yotchipa ya ku Leicester Square ukuikayikirayo kawerengenso, mwina chinsinsi chake ndi chimenechi.

Chachiwiri ndi siteshoni ya Covent Garden. Usayerekeze. Ilibe masitepe oyenda okha, ili ndi malifiti, ndipo Loweruka mzere wa pa lifiti umakhala wautali anthu kupanikizana ngati pa depoti. Bambo a kunyumba ndi kufulumira kwawo anati tiyeni tikwere masitepe, osadziwa kuti ndi 193, ozungulirazungulira. Tinafika chapakati apongozi akhala pansi, kubwerera sikutheka kupitirira sikutheka, anthu akutidutsa. Nkhani imeneyi mpaka lero ikatuluka pa banja bambo amangoti zii. Chopweteka n'choti kuchoka Leicester Square kufika Covent Garden ndi mamita osakwana 300, tinakwera sitima pa mtunda woti ukanayenda mphindi zinayi. Russell Square nayonso ndi ya malifiti ndi masitepe ambirimbiri chimodzimodzi. Sitima za pansi zakalezi sanamangire anthu a mabondo.

Ndiye ulendo wachiwiri ndinaphunzira. Tinagona ku Bloomsbury, chapafupi ndi Russell Square. Ndi dera la mayunivesite ndi British Museum, misewu yake ili ndi mitengo, timapaki tokhala ndi mabenchi, usiku kuli bata koma si kwa mdima koopsa ayi, anthu amayenda. Mahotela aliko ambiri, akuluakulu okhala ndi malifiti ndi zipinda za banja, ndipo mtengo umatsikirako poyerekeza ndi Covent Garden. Kwa iweyo ndiye zikukukwanira bwino chifukwa St Pancras ili pompo, ndi masutikesi mungokwera takisi kamtunda kochepa. Popita ku holo iwalani za sitima, kwerani basi. Nambala 91 imadutsa King's Cross, Euston, Russell Square, Holborn, Aldwych mpaka Trafalgar Square, mukatsika pa Aldwych Lyceum ili pafupi pomwepo. Basi ilibe masitepe ukakhala pansi, ili ndi mipando ya okalamba kutsogolo, ndipo amayi aziona tauni pa windo m'malo moona khoma la mdima. Pobwera usiku ngati atopa imitsani takisi yakuda, pamtunda umenewo anthu atatu sikuwononga.

Za bambo a Tadala zoti ndalama ipite ku matikiti ndikugwirizana nazo theka. Matikiti otchipa mu maholo akalewa ndi a m'mwamba kwenikweni, ku Lyceum amati Grand Circle, masitepe ake ndi ambiri ndipo potsetsereka pake ukayang'ana pansi mutu umazungulira, miyendonso ilibe potambasulira. Kwa amayi gula a pansi, Stalls, mpando wa m'mphepete mwa kanjira kuti bondo litambasuke. Sewero limeneli poyamba penipeni zinyama zimadutsa mu tinjira ta pansipo, ndiye akhala pamalo abwino. Uwaimbire a holoyo uwauze za bondo, maholo onse ali ndi anthu othandiza ovutika kuyenda ndipo amakuuza khomo losavuta kulowera.

Komanso bwanji osatenga sewero la masana? Loweruka limakhalapo la 2:30, 5 koloko mwatuluka dzuwa likadalipo, Ogasiti kumada mochedwa. Mukadya, 8 koloko amayi ali mu bulangete monga mwa chizolowezi chawo. Ndi sewero lomwelo, anthu omwewo.

Timafunso tina ta ku hotela: bafa lake ndi lolowa chabe kapena ndi lija lochita kudumphira mkati? Kwa munthu wa bondo limenelo ndi msampha. Bedi lachitatu ndi bedi lenileni kapena sofa yotambasula? Ketulo ilimo? Amayi athuwa tiyi wa m'mawa sasewera naye.

Ndipo poti wati ndi a Mvano, ku Covent Garden kuli tchalitchi cha Church of Scotland, dzina lake Crown Court, pa Russell Street moyang'anizana ndi Theatre Royal Drury Lane. Khomo lake ndi laling'ono lopanikizika pambali pa Fortune Theatre moti ukhoza kulidutsa osaliona. Ndi a Presbyterian, komwe kunachokera mishoni ya ku Blantyre, ndiye Lamulungu m'mawa musanakwere sitima apite akapemphere. Akabwerera kumudzi nkhani imeneyo idzaposa ya sewero, undikhulupirire. Mkatimo muli masitepe okwera ndiye ufunsiretu za polowera.

Dolo_wa_Brum

Inu akuluakulu mukuwasandutsa amayiwa dzira. Munthu ankapita ku French Cultural Centre nthawi ya Wakhumbata, gulu la Du Chisiza lija, ameneyo si wa kumudzi woopa magetsi, tauni amaidziwa. Mwawafunsa eni akewo kuti akufuna chani? Mwina kugona 8 koloko ku Blantyre n'chifukwa choti magetsi azima palibe chochita lol.

Ine ndikabwera ku London ndimagona ku Soho dala. Kukoma kwa West End ndi 10 koloko usiku maholo onse akamatulutsa anthu nthawi imodzi, Shaftesbury Avenue yonse magetsi okhaokha, Chinatown pa Gerrard Street abakha okazinga ali lende pa mawindo, pa Frith Street pali Ronnie Scott's ya jazi yomwe inayamba mu 1959 mpaka lero ikadali moto. Kupita sewero la masana n'kukagona dzuwa lisanalowe ndiye mwabwereranji? Zili ngati kupita ku nyanja n'kukasamba mu beseni.

Koma chabwino, Soho ndi agogo ndi mwana ndavomera sizikuyenda. Nanga bwanji tsidya la mtsinje, ku Waterloo? Palibe amene watchula. Lyceum ili kumapeto kwenikweni kwa Waterloo Bridge, mukatuluka mu holo mlatho uli pamphuno. Ndi wosalala, mulibe chitunda, ndipo usiku pamenepo mumaona St Paul's mbali iyi, London Eye ndi Big Ben mbali inayo, madzi akunyezimira. Achinyamata timawoloka mphindi 10, ndi amayi mwina 20 mukuima kujambula, akatopa mabasi ambiri amawoloka mlatho womwewo, sitopu imodzi kapena ziwiri. Tsidya linalo kuli National Theatre ndi South Bank yense, ndipo mahotela a kuseri kwa siteshoni ya Waterloo ndi atsopanoko, malifiti ndi eyakoni zilimo. Kungoti musatenge chipinda choyang'ana njanji.

Chenjezo limodzi lokha, foni. Musayime m'mphepete mwa msewu foni ili m'manja mukuyang'ana mapu, anyamata a njinga zamagetsi amangotsomphola n'kuzimiririka. Mnzanga anamulanda akuyankhula, mawu ali m'kamwa. Lowani mu shopu kapena tsamirani khoma. Ndipo chikwama cha amayi chija cha zipi yosatseka chokhala ndi pasipoti, Baibulo ndi ndalama zonse, pasipoti isiyeni ku Nottingham.

ShefuWaUsiku

Dolo wanena zoona pa Waterloo, ndinaiwala. Ine ndimawoloka mlatho umenewo poweruka. Kumakhala kamphepo ngakhale Ogasiti ndiye amayi atenge juzi kapena chitenje chofunda.

Za chakudya poti ndi mbali yanga. Malesitilanti ambiri ozungulira maholo ali ndi chakudya cha anthu opita ku sewero, amachitcha pre-theatre, cha m'ma 5 mpaka 6:30, mbale ziwiri kapena zitatu pa mtengo wotsikirapo ndipo amafulumizitsa poti akudziwa kuti mukuthamangira. Loweruka bukitsani tebulo, mukangofika mudzaima panja. Pa bilu mudzaona awonjezera 12.5% ya sevisi, ndiye musaperekenso tipu ina pamwamba. Amayi ngati zakudya zachizungu zikuwakana pitani nawo Chinatown, mpunga ndi nkhuku kapena nsomba ndi masamba, palibe Mmalawi amene anakanapo. Malo okhala ndi zithunzi za chakudya pakhomo ndi munthu wokuitanirani pa Leicester Square adutseni.

Matikiti musagule kwa munthu wa mumsewu kapena timashopu tolemba kuti theka la mtengo. Kanyumba kovomerezeka ka matikiti otsika mtengo ndi TKTS, kali pa bwalo la Leicester Square mbali ya kum'mwera, koma masewero otchuka ngati lanulo nthawi ya holide ya ana musadalire pamenepo, gulani pa webusaiti ya sewerolo panopa.

Bambo_a_Tadala

Chabwino ndagonja pa nkhani ya bondo, koma ndikuti £400 ndi ndalama. Yang'anani Lamulungu usiku, mahotela amatsika mtengo kwambiri tsiku limenelo kuposa Lachisanu ndi Loweruka, ngati kuntchito angakupatseni Lolemba mukhoza kusuntha ulendo ndi tsiku limodzi. Ndipo tengani yoti mukhoza kukansela ulele, maulendo a amayi athu ochokera kumudzi tsiku limasintha kawiri katatu, kukangogwa maliro basi zonse zaima. Msuweni wa ku Croydon uja mumuuze abwere ndi kontena ya nsima ndi chambo ku hotelako, musamumane madalitso.

NaBanda_Notts

Ndabweranso kudzapereka lipoti poti munandithandiza. Tinapita wikendi yathayi.

Ndinatenga Bloomsbury monga ananenera AnaChisale, kamsewu kabata chakumbuyo kwa Russell Square, chipinda cha mabedi atatu enieni, zenera loyang'ana ku mitengo, shawa yolowa chabe. Waterloo ndinaifuna koma zipinda za atatu zinali zitatha. Ya ku Leicester Square ija ndinakawerenganso, inalidi yopanda mazenera, AnaChisale munalosera.

Pa nthawi ya sewero ndinatsatira Dolo, ndinawafunsa eni ake. Anandiyang'ana n'kuti iwe, sewero la masana ndi la ana asukulu. Ndiye tinatenga la 7:30, Stalls, mpando wa m'mphepete. Basi 91 inatitula pa Aldwych bwinobwino. Nyimbo yoyamba itangoyamba, mawu a Chizulu aja, njovu ikudutsa pambali pawo penipeni, amayi anaimba nthungululu mu holo ya azungu. Mwana wanga anabisa nkhope mu juzi, ine ndinangoti lero ndiye lero, koma mayi wina wachizungu kutsogolo kwathu anatembenuka n'kuwaombera m'manja.

Titatuluka 10 koloko ndinati tiyimitse takisi, anakana. Ati ndikufuna ndione kumene anthu onsewa akupita. Tinakwera pa mlatho mpaka pakati, anajambulitsa ndi London Eye kumbuyo, tinabwerera, kenako anaona makabaza a magetsi aja. Ashefu, ndinayesetsa kuwaletsa. Anachita kunenerera okha mtengo ngati ali mu msika wa Limbe, mnyamatayo anatchula £30 iwo anayambira pa £10, anagwirizana £15 tonse atatu mpaka pa Trafalgar Square, nyimbo zili pamwamba, mayi wa Mvano duku lili pamutu akubayibitsa anthu mumsewu. Kuchoka pamenepo ndi pomwe tinakwera 91 kubwerera. Tinalowa mu chipinda 12 koloko itadutsa, anapemphera pemphero lalitali lomwe lija osadulako, mwana anagona lisanathe.

Lamulungu tinapita ku Crown Court, khomo tinalidutsadi kawiri tisanalione. Masitepe anakwera pang'onopang'ono atagwira mkono wanga. Nyimbo imodzi anaizindikira chuni chake ndiye anaimba mu Chichewa anzawo akuimba Chingerezi, potuluka anacheza ndi agogo ena amene anati ali mtsikana anakhalapo ku Zomba, mpaka sitima ya 2 koloko inatsala pang'ono kutisiya.

Bambo a Tadala, msuweni anabweradi ndi nsima Lachisanu usiku, tinadyera pa bedi. Mtengo wa hotela sindinawauze amayi ndipo aliyense wa inu akadzakumana nawo asadzatchule. Chimene akudandaula mpaka lero ndi tiyi wa mu holo nthawi yopuma, anaona ndikulipira ndipo akuti ndalama imeneyo kwawo ndi shuga wa mwezi wathunthu. Bondo latupa pang'ono, akulithowa ndi madzi otentha, ndipo dzulo amandifunsa kuti kodi ku Soho kumene ndinkawaletsa kuja kuli chiyani kwenikweni.